Kang'ona ka a Jairos

Tsiku limene a Jairos, amuna anga, anabwera ndi chitsulo chootchera buledi, mwana wathu anali asanagwe n'komwe mchombo. Ndinamva njinga ikulowa pabwalo, ndinasuzumira pawindo, n'kuona katoni yaitali atayimanga pakeliyala ndi mphira. Ndinamwetulira ndekha. Ndinati bambo ndi ameneyo, wapita kukafuna kanthu ka mwana wake woyamba. Atamasula, munatuluka chinthu chakuda bii, cha zigwiriro ziwiri zitalizitali, kukamwa kuli yasa ngati ng'ona yoothera dzuwa pamchenga wa mtsinje wa Lupande.

"Nanga ichi n'chiyani?" ndinafunsa.

"Ni cha masangweji," anatero osandiyang'ana. "Uika buledi uku, wina uku, dzira na tomato pakati. Watseka, waika pa mbaula, basi."

"Mwana ayamba liti kudya masangweji?"

Ananyamula kang'ona kawoko, poti ndi dzina limene ndinakapatsa kuyambira pomwepo, n'kupita nako kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango.

A Jairos ndi sikauti, mlonda wa nyama za m'thengo, kuno ku Lupande. Pamene ndinkabereka anali kuthengo paulonda. Anafika dzulo lake la tsiku la chitsulocho, ali fumbi lokhalokha, n'kuima pakhomo la chipinda manja ali kumbuyo. Anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali, misozi ili lengelenge, koma nditati tengani mwana wanu, anati manja ndi akuda. Anakasamba, manja anakhalabe akuda. Ine ndinati mwina ndi manyazi, poti amai anga, a Margaret, anali m'nyumbamo kudzandithandiza uchembere, ndipo mkamwini samasuka apongozi ali pompo. Ndinawakhululukira tsiku loyambalo. Lachiwiri ndi limene anabwera ndi chitsulo.

Chinayamba kundinyansa ndi mtundu wake wa chitsulocho. Ndili ndi pakati tinapita ku Chipata kukagula matewera ndi beseni, ndipo m'sitolo ina ndinaona chootchera buledi chamagetsi, choyera mbee, chokhala ndi kagetsi kofiira ndi kobiriwira, chootcha anayi nthawi imodzi. Ndinachisisita, ndinachitsegula, ndinachitsekanso. Nyumba yathu ili m'mbali mwa msewu wopita ku eyapoti ya Mfuwe, magetsi tili nawo, ngakhale amabwera ndi kupita osatsanzika. A Jairos anaseka mpaka wogulitsa anatembenuka. Anati kodi m'chigwa muno ndani amadya buledi wa azungu a m'makampu a alendo odzaona nyama? Lero munthu yemwe uja wakagula chake. Sanagule chamagetsi choti chikhale m'khitchini mwanga, wagula cha pamakala choti azipita nacho kuseri. Ndiponso chootcha sangweji imodzi yokha, pakhomo pa anthu akuluakulu atatu.

Anagulanso kambaula kawo, ngati kuti yanga inawalakwira. Buledi, mazira, tomato ndi majarini ankazisunga m'chikwama chawo cha kuthengo, atachikoleka panthambi ya mango. M'mawa uliwonse ndinkawaonera pakawindo ka kukhitchini. Ankapaka majarini kunja kwa buledi, kumugoneka m'kamwa mwa kang'ona, kuswera dzira pakati, tomato pamwamba, buledi wina, kenaka n'kutseka ndi kukoweka kambedza ka pazigwiriro. Akaika pamakala ankakhala chonjenjemera, kutembenuza, kununkhiza, kutembenuzanso, ngati munthu amene wapatsidwa mayeso. Masiku oyamba anapsereza buledi wambiri, agalu a m'mudzi anayamba kutidziwa. Kenaka dzanja linazolowera, ndipo fungo lake linkalowa m'nyumba yonse n'kundidzutsira njala pamodzi ndi ukali.

Chitsulocho chimadina buledi m'mbali monse, n'kumutseka ngati pilo wosokedwa, ndipo chimasiya mzere wozama kuchokera kona ina kufika kona ina. Wamadzulo ankadya okha atandifulatira. Wam'mawa sankamulawa. Ankamukulunga wathunthu m'kansalu, kumuika m'thumba la shati, kukwera njinga, ulendo. Anati mabwana awapatsa tchuthi chifukwa cha mwana, koma tchuthi chake chinali chonyamuka mbandakucha kupita "ku ofesi". Ine ndinkangoganiza za mzere uja. Mbali ziwiri, pakamwa pawiri.

Nsomba zanga zotendera zinkabwerera momwe zinapitira. Mpunga umene amai ankaphika, chimodzimodzi. Kugona ankagona pakhonde, ati m'nyumba mukutentha. N'zoona kuti Okutobala wa m'chigwa muno sasewera, ngakhale mbuzi zimasowa pobisala, koma Okutobala wa chaka chatha anagona kuti?

Tsiku lina ndinapita kuseriko akuchotsa buledi m'chitsulo. Ndinadzikakamiza kuseka.

"Tiyeni nilaweko, nione chimene chinakuchotsani pa mphika wanga."

Ndisanamufike n'komwe, anakoka mbale ija mwamphamvu mpaka mpando unagwa.

"Osagwira, Delia!"

Chikwatirane anali asanandikuwirepo choncho. Ndinabwerera m'nyumba, ndipo amai, amene anamva zonse akupeta mpunga pakhomo, anaika lichero pansi.

"Lomba tsegula maso, mwana wanga," anatero motsitsa mawu. "Mwamuna wokana mphika wa mkazi wake, wokana kugwira khanda lake, ali na chimodzi mwa ziwiri. Kapena wagona kwina, kapena ali na magazi a munthu m'manja."

Pa chachiwiricho ndinaseka, ngakhale ndinali ndi misozi. A Jairos aja? Pakhomo pano nkhuku ndimazinga ndine, iwo atatembenukira kumbali n'kumayang'ana mitambo. Mfuti amanyamula poti ndi ntchito, koma ngakhale njovu zikalowa m'munda wa anthu amaombera m'mwamba n'kumazipepesa. Ndiye panatsala chimodzi.

Kwathu kuno khanda timati n'lozizira, monganso munthu wodwala. Mwamuna amene wayenda ndi mkazi wina, kapena wakhetsa magazi, amakhala wotentha. Akaligwira khandalo, akathira mchere m'chakudya cha mai woyamwitsa, kapena akadya naye mbale imodzi, mwana amatupa masaya ndi miyendo, amatsokomola, nthawi zina amangopita. Ine ndimapemphera, ndili m'kwaya, ndipo kale ndinkati zimenezi n'za anthu osapita kusukulu. Koma ukanyamula wako m'manja, kamutu kakugunda paliwombo, zonse zimene unkaseka zimabwerera n'kukhala pambali pako. Ndinaona kuti kusamala kwawo konse, mbaula yawo, mbale yawo, khonde lawo, kunali kuulula kopanda mawu. Ankamuteteza mwana kwa iwo eni, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa akanakhala wosasamala.

Amai anatenga chitini cha mchere n'kuchibisa m'chikwama chawo. Tinadikira kuti tione ngati afunse. Sanafunse. Ndinati basi, kumene akukadyera theka linalo n'kumene akutenga mchere.

Mchombo unagwa. Anthu anayamba kubwera ndi sopo ndi nkhuku kudzaona mwana, ndipo aliyense ankafunsa dzina. Dzina la mwana woyamba amatcha ndi bambo, atamunyamula m'manja. Ine ndinkangoti likubwera, ngati dzina limakwera basi. Ngakhale kuwaitana amuna anga kuti atate ake a uje sindikanatha, poti ujeyo panalibe. Amai anapirira mpaka anatopa.

"Mwana ni wathu uyu, si wa kuchimuna," anandiuza. "Nawatumira mawu amalume ako, abwera na galimoto pa Sondo. Ngati kufika tsikulo apongozi anga sanamunyamule, sanamutche dzina, tinyamula katundu. Sinisiya mdzukulu wanga m'nyumba yotentha."

Sindinafune kupita. Ndikunena mosabisa, ndinkawakonda a Jairos ngakhale pamene ndinkafuna kuwaswa mutu ndi kang'ona kawo komweko. Koma sindikanathanso kukhala ndi mwana wopanda dzina m'nyumba ya mwamuna wodya chofulatira.

Dzina la mkazi amene ndinkamukayikira ndinali nalo kale m'mutu. Queen. Amaphika pa kalesitilanti ka pafupi ndi eyapoti, kumene alendo amadikirira ndege, ndipo kale anagwirapo ntchito m'khitchini ya kampu ina. Ndi wosakwatiwa, amaseka mokweza, ndipo m'dera lathu lonse ndi iye yekha amene akanaphunzitsa munthu kuswera dzira pakati pa buledi. Mkazi wa sikauti mnzawo anandinong'oneza pa mjigo kuti anawaona awiriwo atayima kuseri kwa lesitilantiyo, Queen akuwaonetsa chinachake ndi manja. Masana amenewo ndinabereka mwana kumbuyo, kufunda ambulera, kuuyamba wapansi.

Ndinamupeza akusenda mbatata pamthunzi.

"Aa, amake khanda! Mwaswera bwanji? Mwayamba kale kuyenda na dzuwa ili?"

"Taswera. Nabwera kudzaona amene aphunzitsa amuna a eni kuotcha buledi."

Anandiyang'ana, anayang'ana ambulera imene ndinagwira ngati chibonga, n'kuphulika kuseka mpaka mpeni unagwa. Ndinayembekezera kuti achite mantha, kapena akwiye. Kusekako kunandisokoneza.

"Khalani pansi, Delia, mungagwetse mwana. A Jairos? Ine? Amene aja akamakamba na mkazi ayang'ana nsapato zao?" Anapukuta misozi. "Anabwera, ee. Anafunsa za chootchera masangweji. Ninawaonetsa cha malaiti chimene tisewenzetsa muno, anakana. Ati malaiti amapita, ndiponso safuna cholowa m'khitchini. Ndiye ninawauza za zija za pamakala, zimene ku kampu tenze kupita nazo mu thengo pa bulekifasi ya alendo. Ninawauza kuti asagule chopepuka, chimapindika na moto, agule cholemera."

"Basi?"

"Anafunsa mafunso ngati apolisi. Kodi chitseka m'mbali monse, kuti kanthu kasatuluke olo kulowa? Kodi chilemba mzere pakati, kuti mbali zilingane? Kodi mkati mukhala mofewa, kuti munthu wovutika kutafuna angadye? Ine nenze kuganiza kuti ni zanu, kuti kapena mano agwedezeka na uchembere." Anasiya kuseka, n'kundiyang'anitsitsa. "Si zanu?"

Queen anatola mpeni wake, n'kuyamba kusenda pang'onopang'ono.

"Sinifuna kuyatsa moto m'nyumba mwanu," anatero. "Koma dalaivala wathu amaiona njinga yao pa geti ya chipatala m'mawa uliwonse, cha m'ma ziro seveni."

Ndinabwerera osaona njira. Chipatala. Munthu wofooka, wofuna zofewa, wodyetsedwa m'mawa uliwonse. Ndinali nditangotuluka kumene m'chipatala chomwecho, ndinkadziwa bwino amene amagona m'menemo akudikira chakudya cha mwamuna. Ndiye kuti si chibwenzi chabe. Kuli mkazi wina wabereka, kapena ali pafupi, ndipo mwana wa kumeneko mwina dzina analandira kale. Ndinakhala pa chitsa cha tsanya m'mbali mwa msewu n'kulira mokweza, galimoto za alendo zikudutsa, azungu akundiyang'ana ngati ndine nyama ina ya m'paki.

Kunyumba sindinanene kanthu. Ndinkafuna kuona ndi maso anga, kuti pokalankhula pa akuluakulu ndisadzati ndinamva. M'mawa mwake linali tsiku la sikelo. Ndinanyamuka a Jairos akukupiza kambaula kawo, ndinakwera njinga yamoto, n'kukakhala pansi pa mtengo moyang'anana ndi wodi ya amai obereka. Mawu onse amene ndikamuuze mkaziyo ndinali nditawakonza, ena oti sindingawalembe pano.

A Jairos anafika thukuta lili kamukamu, n'kutsamiritsa njinga pa geti. Ndinadzifunda chitenje kumutu. Anadutsa pafupi nane, anadutsa khomo la wodi ya amai osacheuka n'komwe, n'kukhotera ku wodi ya abambo. Ndinati ameneyu wandiona, akundizembaitsa. Ndinawatsatira.

Pabenchi la pakhomo panakhala wapolisi, ndipo anapatsana moni ngati anthu oonana tsiku ndi tsiku. Ndinasuzumira. Pabedi la pakona panagona nkhalamba yowonda ngati bango, ndevu zili mbuu, mwendo umodzi wokulungidwa mabandeji kuyambira m'chiuno, winawo uli ndi unyolo womangirira kubedi. Fungo la chilonda linkafika mpaka pamene ndinaima. A Jairos anagwada, n'kupereka kansalu kaja ndi manja awiri.

Nkhalambayo inamasula. Inamutembenuza bulediyo uku ndi uku, n'kuyendetsa chikhadabo m'mphepete monse, kona zonse zinayi, kufuna pamene patsegulidwa. Itakhutira inamunyema potsata mzere uja. Inayang'ana mbali ziwirizo nthawi yaitali, ngati ikusankha ng'ombe, kenaka inapereka imodzi kwa a Jairos. Amuna anga analuma, anatafuna, anameza, n'kutsegula pakamwa kuti ione. Pamenepo m'pamene nayo inayamba kudya, kumung'unya ndi nkhama, poti mano inali nawo owerengeka.

Ndi iyo imene inayamba kundiona.

"Uyo mkazi pakhomo ni wanu? Akuyang'anani monga afuna kukumenyani."

A Jairos anatembenuka. Sindinaonepo munthu akuchita mantha ngati mmene anachitira. Anaimirira, n'kubwerera chafutambuyo mpaka kukagunda khoma, kutalikirana ndi mwana amene ndinabereka.

"Lowani, mai," inatero nkhalambayo. "Ndine Paskale. Mwamuna wanu uyu ndiye ananilasa. Lomba afuna kunitsiriza na buledi, koma ine nimuchenjerera, ayamba ni iye kudya." Anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Atapuma analoza kumsana kwanga. "Mwamuna olo mkazi?"

"Mwamuna," ndinayankha.

"Dzina?"

"Alibe."

A Paskale anayang'ana ine, anayang'ana a Jairos, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ohoo," anatero. "Muyembekezera ine."

Tinakalankhulira panja, kuseri kwa wodi, iwo atayima patali ngati tikukambirana tsidya ndi tsidya la mtsinje. Anandiuza zonse akuyang'ana pansi. Paulonda uja anapeza anthu pa misampha ya waya, ali ndi nyama. Ena anathawa. A Paskale, poti ndi okalamba, sanathe kuthamanga, anatembenuka ndi mfuti yawo yachikale ya gogodera. A Jairos sakumbukira kukoka, amangokumbukira kulira kwa mfuti ndi munthu akugwa. Anawabereka kumsana mpaka pamene galimoto inakawapeza, magazi akuyenderera m'malaya. Kwawo kwa mkuluyo ndi kuseri kwa mapiri a Muchinga, ndipo abale ake sangabwere, akuopa kumangidwa. Chakudya cha m'chipatala anakana, ati boma likufuna kuwathira mankhwala kuti mlandu uthe msanga. Anayamba kufa ndi njala chilonda chisanawaphe.

"Ninayesa nthochi, anakana, ati mwabaya na jekeseni. Phala anakana. Anati nizadya chabe chinthu chotseka, chimene nizanyema nekha, iwe udye mbali imene nizakupatsa. Ndiye ninaganiza za chija unachikonda ku Chipata."

"Nanga osaniuza bwanji? Ine nili chiyani kwa inu, mpando?"

"Mkaka ukanauma na mantha, Delia. Ndipo amai akanakutenga tsiku lomwelo." Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Mkulu uja akachira, akuluakulu anisambitsa mankhwala pang'ono chabe, nimunyamula mwana wanga. Dzina nili nalo kale, nimalitchula nekha pa njinga. Koma akafa, nipha munthu ine. Sinidziwa ngati manja aya angagwire khanda."

Ndinawatukwana. Ndinawauza kuti ndi opusa, kuti anandisiya ndikuvutika ndi maganizo mpaka kukachita manyazi kwa Queen, kuti mkaka wanga si wamantha ngati iwo. Anangovomera zonse ndi mutu. Popita kuchipatalako njira yonse ndinkapemphera kuti asakhale mkazi. Pobwerera ndinapezeka ndikulakalaka akanakhala mkazi, poti mkazi ndikanamukalipira, akuluakulu akanaweruza, nkhani n'kutha. Apa panalibe womukalipira.

Amai sindinawauze. Ndinati a Paskale akachira Lamulungu lija lisanafike, kapena akangoyamba kupeza bwino, tidzanena nkhaniyo ili yozizira. Ndinayamba kupempherera munthu wotchera misampha kuposa mmene ndinapemphererapo m'bale wanga aliyense. Mazira a nkhuku zanga ndinkasankha aakulu, n'kukawasiya pamwala pafupi ndi kambaula kaja kuti asachite kulandira m'manja mwanga. Ndinkaima patali n'kumalangiza ngati kapitawo.

"Chepetsani makala, mupsereza kunja mkati musanapse. Tomato mudule woonda, madzi ake anyowetsa buledi. Chotsani makoko a m'mbali, munthu alibe mano uja."

"Nikachotsa makoko sichitseka bwino, akana."

"Ndiye muike majarini wambiri, afewe."

Amai ankationa pawindo n'kumagwedeza mutu. Anati mwana wawo wadyetsedwa mankhwala, akuthandiza mwamuna kuphikira mkazi mnzake. Tsiku lina a Jairos anabwera akumwetulira, ati mkulu uja wamaliza mbali yake yonse n'kupempha chidutswa cha mbali yawo. Tsiku lotsatira anabwera ali ndwii, ati thupi latentha, walumako kamodzi kokha.

Loweruka m'mawa amai anayamba kulongedza. Anapinda matewera, anatsuka beseni, anamanga mtolo wa zovala zanga osandifunsa. A Jairos anaotcha buledi wawo monga mwa masiku onse. Anatuluka bwino tsiku limenelo, wofiirira mbali zonse, wosapserera pena paliponse. Anamukulunga n'kunyamuka.

Dzuwa lisanafike n'komwe pamutu ndinamva njinga. Sanali kuipalasa, ankaikankha. Anaitsamiritsa pa mango, n'kukhala pansi padothi, pafupi ndi kambaula kozima. Anatulutsa kansalu kaja m'thumba n'kukaika pamwala. Sindinafunikire kufunsa. Buledi anali wathunthu, wosanyema. A Paskale anali atatisiya.

Ndinalowa m'nyumba n'kuwauza amai zonse, kuyambira pa misampha mpaka pa kansalu kali pamwalapo. Anamvetsera atagwira pakamwa. Nditamaliza anaimirira n'kumanga mfundo yomaliza ya mtolo.

"Ni magazi," anatero. "Ninanena ine, iwe unaseka. Sitiyembekezera Sondo. Bereka mwana, tikadikire amalume ako kwa aneba."

Sanali kulankhula mwankhanza. Maso awo anali ofiira, ndipo ndikudziwa kuti mkamwini wawo ankamukonda. Koma anaika ana awiri m'manda asanabereke ine, ndipo pa nkhani ya khanda samva za munthu.

Ndinayang'ana pawindo. Amuna anga anali atakhala chomwecho, manja atawatambasula pa mawondo, akuwayang'ana ngati ndi a munthu wina. Ndinaganiza za mawa. Ife titapita, adzadzuka, adzayatsa kambaula, adzaotcha buledi wa mbali ziwiri, ndipo sipadzakhala womusankhira mbali. Mantha ndinali nawo, sindikana. Ndinamuyang'ana mwana, masaya ake, timiyendo take.

"Amai, masulani katundu," ndinatero. "Amalume akabwera na galimoto, akatenge akuluakulu odziwa mankhwala osambitsa, atengenso abusa. Zonse zichitikire pano. Ine sinipita."

"Delia!"

"Gwirani mdzukulu wanu."

Ndinawapatsa mwana n'kutuluka. A Jairos atamva mapazi anga anafuna kudzuka kuti asunthe, koma ndinali nditakhala kale pambali pawo, phewa kugunda phewa. Ndinatenga kansalu kaja.

"Osagwira, Delia," anatero, koma mawu awo anali a munthu wotopa.

Ndinamasula. Ndinamutembenuza bulediyo, n'kuyendetsa chikhadabo m'mphepete monse ngati mmene ankachitira a Paskale. Anali wotsekeka bwino kona zonse. Ndinamunyema potsata mzere, n'kuwatambasulira mbali zonse ziwiri.

"Sankhani."

Sanathe. Anangophimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Ndiye ndinasankha ndine, ndinawaikira mbali imodzi pabondo, inayo n'kuluma, amai akundiona ali pakhomo ndi mwana m'manja.

Bulediyo anali atazizira, dzira litalimba. Ndinatafuna, n'kuima. Munalibe mchere ngakhale pang'ono. Masiku onse aja ine ndikuti akukautenga kwa mkazi wina, iwo ankaopa kuthira mchere ndi dzanja lawo m'chakudya cha munthu wodwala, ndipo ankadya chomwecho m'mawa ndi madzulo, okha, atafulatira nyumba imene munali mwana wawo.

Ndinameza, n'kulumanso kachiwiri.